Mphindi ziwiri za bambo anga

Anthu amene ndimawanyamula pa galimoto amandidabwa. Tikafika kumene tikupita, ine sindizimitsa injini nthawi yomweyo. Ndimakoka handibuleki n'kukhala phee, manja ali pachiwongolero, mpaka patapita mphindi ziwiri. Ena amayesa kuti ndikupemphera. Mwana wanga wachisamba amati ndikungomwaza mafuta, ndipo ine sindimutsutsa poti dizilo wake ngwa iyeyo. Koma khalidweli ndinalitenga kwa agogo ake m'chaka cha 1996, pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo ndinalilipirira ndalama zonse zimene ndinali nazo.

Bambo anga anagwira ntchito m'galaja ya esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo kwa zaka 36. Analowa mu 1955 ngati mnyamata wopatsira masipanala, n'kudzapuma mu 1991 ali makaniko wamkulu wopanda pepala lililonse. Bambo awo anachokera ku Mozambique pamodzi ndi Alomwe anzawo ambirimbiri amene ankathawa nkhanza za Apwitikizi n'kudzagwa m'manja mwa thangata, pamene munthu ankalipira malo omangapo nyumba ndi thukuta lake m'munda wa mzungu. Thangata inathetsedwa mu 1962, bambo ali kale m'galaja. Sukulu analekezera Sitandade 3, koma m'manja mwawo munadutsa mathirakitala a Ferguson, malole a Bedford onyamula masamba kupita ku fakitale, mainjini a Lister opopa madzi, ndi ma Land Rover a mabwana. Injini ankayimva ndi khutu monga mmene mayi amamvera kulira kwa mwana wake pakati pa ana ena.

Ine ndinapita kusukulu, ndipo ndinali kalaliki wa pa sikelo pa esiteti yomweyo, kulemba makilogalamu a masamba amene amayi athyola. Ndinkavala malaya oyera. Kunena zoona, manja akuda a bambo ndinkawaona ngati chinthu chimene ndinachithawa.

Chisankho cha pa 17 May 1994 chitadutsa, mphepo inasintha. Aliyense ankakamba za geni, ndipo ine ndinati nane ndisatsale. Mu 1995 ndinasiya ntchito, ndinatenga kandalama kanga konse kopumira, n'kugula Land Rover 110 ya mu 1985 imene esiteti inkagulitsa itatopa nayo. Inali ya dizilo, ya malita 2.5, yopanda turbo. Cholinga changa chinali kunyamula nthochi kuchokera cha ku Thekerani kupita ku Limbe, komanso kutsikira kuchigwa cha Shire kukatenga mpunga ndi nsomba ku Muona.

Kutsika kunalibe vuto. Nkhani inali pokwera. Amene anayendapo msewu wa Muona kupita ku Thekerani zaka zimenezo akudziwa chitunda chimene ndikunena. Injini ija inali ndi mahosipawa 68 idakali yatsopano, ndipo pamenepa n'kuti itagwira ntchito zaka khumi m'misewu ya matope ya m'minda ya tiyi. Ndikasenza matumba, inkakwawa pa giya yoyamba, utsi uli bii kumbuyo, ana a sukulu akutipitirira wapansi uku akuseka. Ulendo umene ndinkafuna kuyenda kawiri pa tsiku ndinkauyenda kamodzi.

Ku Ndirande, kumene munthu angapeze chitsulo chilichonse chimene chinapangidwapo, ndi kumene ndinamvera za turbo. Kanthu kake n'kosavuta kumvetsa. Injini imapsereza mafuta ndi mpweya, ndipo mphamvu yake imalekezera pa mpweya umene ingathe kukoka. Munthu ukamakwera phiri mpweya umapepuka: pamtunda wa mamita 1,000, monga madera ambiri a tiyi kunoko, umakhala utachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi poyerekeza ndi m'mphepete mwa nyanja yamchere. Turbo ndi timapiko tiwiri pa kamtengo kamodzi kachitsulo. Utsi wotuluka m'injini umazunguza phiko limodzi, linalo n'kumakankhira mpweya wochuluka m'masilinda. Mpweya ukachuluka ungathe kuwonjezera mafuta, mphamvu n'kukwera. Nzeruyi ndi yakale ndithu: Alfred Büchi wa ku Switzerland anailembetsa kuti ndi yake mu 1905. A Land Rover eni ake anaika turbo pa injini ya mtundu wanga womwewu mu 1986, mahosipawa n'kuchoka pa 68 kufika pa 85.

Ndinagula turbo yochotsedwa pa galimoto imene inachita ngozi, pamodzi ndi mapaipi ake. Mnyamata wina wochangamuka anaimanga Loweruka ndi Lamulungu, n'kupotokola pampu ya dizilo kuti izipereka mafuta ambiri. Bambo sindinawafunse. Nditafika nayo pakhomo ikuimba kamluzu kake, anatuluka, anaizungulira kamodzi, n'kuika dzanja pa boneti.

"Mkatimu watsegulamo?"

"Ayi, Bambo. Akuti palibe chifukwa."

"Waipatsa mapapo a mnyamata," anatero, "koma mafupa ndi a nkhalamba." Analowa m'nyumba.

Kwa masabata atatu ndinali mfumu ya msewu. Chitunda chija ndinkachikwera pa giya yachiwiri, pena yachitatu. Kenaka tsiku lina la mu November, dzuwa likuswa mtengo monga limachitira kuchigwa mvula isanagwe, ndili pakati pa phiri ndi matumba a mpunga a eni ake, ndinamva kugogoda ngati munthu akumenya chitseko cha malata. Utsi woyera unatuluka, madzi a mu rediyeta anathovokera pansi, injini n'kuti zii. Ndinagona pomwepo masiku awiri kulondera mpunga. Thirakitala imene inadzandikoka inadya phindu lonse la masabata atatu aja, ndi zina.

Bambo sananene kuti ndinakuuza. Zikanakhala bwino akananena. Anangokhala chete mwezi wonse wa December, galimoto ili pansi pa mtengo wa mapeyala, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Tsiku lachiwiri la chaka chatsopano anandidzutsa m'mamawa.

"Iwe, kadule nsungwi. Timange chisakasa. Injini sitsegulidwa pamvula."

Tinaitulutsa ndi tcheni chomangirira pa nthambi. Chilichonse chimene tamasula ankati tichiyale pa masaka mwa ndondomeko yake, bauti aliyense pafupi ndi pamene wachoka. Titachotsa hedi, zonse zinali poyera. Pisitoni yachitatu inali itang'ambika pamwamba kuchokera mbali ina kufika mbali ina, silinda yake itakandika mizere yoti chikhadabo n'kukodwamo, ndipo gasiketi inali itapsa pakati pa silinda yachiwiri ndi yachitatu. Bambo anandipatsa pisitoniyo m'manja.

"Turbo siinalakwe," anatero. "Yachita ntchito imene unaituma. Mpweya ndi waulere, mwana wanga, koma amene amalipira ndi chitsulo."

Ndiye anandifotokozera zimene ndinayenera kufunsa kale. Ukawonjezera mpweya ndi mafuta, moto wa m'silinda umakula. Kukankha kwake kumatsikira pa pisitoni, n'kupita pa ndodo yake, n'kufika pa mabering'i ndi pa crankshaft, ndipo mbali inayo kumafuna kunyamula hedi kuichotsa pa buloko. Kutentha nakonso kumakwera: utsi wa dizilo yolemedwa umapitirira madigiri 600. Buloko, chimphika chachitsulo chimene zonsezi zimakhalamo, ndiyo imasenza katundu yenseyo. N'chifukwa chake a Land Rover sanangomata turbo pa injini yakale ayi. Anasintha mapisitoni, anaika mavalavu a ekizozi a chitsulo chopirira moto, anaboola crankshaft njira zina za oyilo, anakonza buloko kuti izipereka ndi kulandira oyilo wa turbo, n'kuwonjezera choziziritsira oyilo. Ngakhale anatero, injini zoyambirira za mtunduwo zinkadziwika ndi kung'amba mapisitoni, ndipo nkhaniyi inakhala bwino atatulutsa 200Tdi mu 1989, imene inali ndi choziziritsira mpweya usanalowe m'injini. Zimene zinawatengera mainjiniya a ku Solihull zaka, ine ndinafuna kuzimaliza pa Loweruka ndi Lamulungu.

Funso lalikulu linali limodzi: kodi buloko ili moyo? Ikanapezeka yong'ambika, ndiye kuti ulendo wathera pomwepo, chifukwa ndalama yogulira ina panalibe. Tinaitsuka masiku atatu. Titagumula mapulagi a m'mbali, m'njira za madzi munatuluka matope ofiira odzaza beseni, dothi lenileni la Thyolo, chifukwa kwa zaka khumi madalaivala ankathira mu rediyeta madzi a mumtsinje uliwonse umene apeza. Silinda zinali zitavala bulangeti la dothi, ndiye zikanazizira bwanji?

Kenaka bambo anandituma kukagula palafini ndi kukapempha choko kwa aphunzitsi a pa pulayimale. Anati ndinyowetse buloko yonse ndi palafini, ndiisiye usiku, m'mawa ndiipukute mpaka iume gwa. Choko tinachisinja, n'kuchisungunula mu sipiriti, n'kupaka ponseponse mpaka buloko inayera mbee ngati mwana wa chinamwali. Itauma, anatenga kahamala n'kumagogoda pang'onopang'ono. Ngati pali mng'alu, ngakhale wochepa kuposa tsitsi, palafini wobisala mkati amatuluka n'kujambula mzere wakuda pa choko.

Apa m'pamene ndinadziwa chinthu chimene bambo ankabisa. Maso awo anali atachita ng'ala. Ankatha kuona buloko, koma mzere wa pa choko sakanauona.

"Yang'ana pakati pa masilinda. Ukuona chiyani?"

"Poyera, Bambo."

"Pa mabowo a mabauti?"

"Poyera."

"Usandinamize chifukwa ukufuna kuti pakhale poyera. Yang'ananso."

Ndinayang'ananso, mtima ukugunda. Tinatembenuza buloko, kuona mipando isanu imene crankshaft imagonapo. Monse munali moyera. Bambo anapuma mozama n'kukhala pansi pa chitini. Hedi yokha ndiyo inatulutsa timizere takuda pakati pa mavalavu, ndipo tinaitaya.

Kuyambira tsiku limenelo ine ndinali maso, iwo anali manja ndi mutu. Anandiphunzitsa kugoneka lula yachitsulo pamwamba pa buloko n'kulowetsa timalilime toyezera pansi pake, kuti tione ngati yapindika. Inali itapindika pang'ono pakati. Iwo ankayeza zonse m'magawo a inchi, monga anaphunzirira kwa azungu a kale, ndipo chala chawo chinkamva kusiyana kumene ine ndinkakuona pa geji pokha. Buloko tinaikweza pa lole ya nthochi, kudutsa pa Bvumbwe mpaka ku Blantyre, kwa anthu a makina osema zitsulo. Anaipala pamwamba kuti ikhale yosalala, n'kukulitsa masilinda onse anayi ndi magawo 20 mwa 1,000 a inchi, komwe kuli ngati theka la milimita. Bambo anakana kuti aseme kopitirira apo. Anati khoma la silinda likapyapyala, ndiye kuti wachotsa mnofu pamalo pomwe turbo ikudzamenya.

Mapisitoni anati akhale a injini ya turbo, osati a wamba, ndipo crankshaft tikaifune ya mtundu womwewo. Crankshaft ndi hedi tinazipeza ku Ndirande. Mapisitoni, maring'i, mabering'i ndi mabauti atsopano a hedi zinachokera ku Johannesburg, kudzera mwa msuweni wanga amene ankayendetsa thiraki njira ya ku Tete. Koma kuyambira mu February 1994, pamene boma linasiya kwacha kuti izidzipezera yokha mtengo, chilichonse chochokera kunja chinali chitakwera moti munthu ukamva mtengo unkayamba waseka. Ndalama inatha zinthu zisanakwane.

Usiku wina mayi a kunyumba anandipeza nditakhala pakhonde.

"Bambo a ana, kwatsala zingati?"

Ndinawauza. M'mawa mwake makina awo osokera a Singer, amene anawapatsa malemu mayi awo, anakwera njinga kupita ku Luchenza. Sanalire, ndipo sananditonze. Anangoti, "Ulendo uno muwamvere bambo." Kuyambira pamenepo bauti aliyense amene ndinkamanga ndinkamuona ngati ulusi wa m'makina aja.

Kumanga kunatenga milungu isanu ndi umodzi, chifukwa bambo sankalola kuthamanga. Ring'i iliyonse ankati tiyambe tailowetsa yokha m'silinda n'kuyeza kampata ka pakati pa nsonga zake. Chitsulo chikatentha chimafufuma, ndipo kampatako kakachepa nsonga zimagundana, ring'i n'kuthyola pisitoni. Injini ya turbo imatentha kwambiri, choncho kampata kake sikayenera kukhala kothina, ndipo tinkapala ndi fayilo pang'onopang'ono. Mnyamata uja anali atabwezera oyilo wa turbo kudzera m'kapaipi kakang'ono kopindika. Bambo anakataya, n'kuboola sampu pamwamba pa pamene oyilo amalekezera, n'kuwotchererapo paipi yaikulu yowongoka, chifukwa oyilo wa mu turbo amatsika yekha, palibe chomukankha. Tinaika choziziritsira oyilo, rediyeta tinakaisinthitsa mkati monse. Mabauti a hedi tinamanga ndi sipanala yoyezera mphamvu imene anakabwereka kwa mnzawo wakale wa m'galaja, kuyambira pakati kupita kunja, katatu konse, ulendo uliwonse kuwonjezera pang'ono.

Tinakangana kamodzi. Ine ndinali nditamva kuti ukaika gasiketi yochindikala, kupanikizika kwa m'silinda kumachepa, ndiye ungathe kutsegulira turbo kwambiri. Bambo anapukusa mutu. Dizilo alibe mapulagi a moto ngati petulo. Amayaka chifukwa cha kutentha kwa mpweya wopanikizidwa. "Ukachepetsa," anatero, "m'mawa wa chiperoni udzailiza ndi chiyani? Udzaikankhitsa ana?" M'malo mwake anachepetsa turbo yomweyo kuti izikankha pafupifupi theka la bar basi, ndipo pampu tinakaiyezetsa ku Blantyre kuti ibwerere pa mlingo woyenera. Anati utsi wakuda umene ndinkanyadira uja ndi mafuta osapsa bwino, ndipo ndiwo unaphika pisitoni.

Tsiku lina tikumanga mabering'i, anayamba kukamba za mayi awo, agogo anga, amene anathyola tiyi mpaka msana unapindika. Anati mvula ikagwa masamba amaphuka mothamanga, ntchito imachuluka, koma phoso limakhala lomwe lija. "Munthu amapirira chaka choyamba, chachiwiri, osadandaula. Kunja amaoneka bwinobwino. Mng'alu umayambira mkati." Anakhala chete, kenaka anati, "Iwe unkalemba makilogalamu. Unkawayang'ana kumaso amene akubweretsa dengu?" Sindinayankhe. Iwonso sanadikire yankho, anandipempha sipanala.

Injini inalira mu May, pa kiyi wachiwiri. Bambo analamula kuti iyende makilomita 1,000 yopanda katundu, osaithamangitsa ndiponso osaikakamiza, kenaka tisinthe oyilo ndi kumanganso hedi. Ndinkangozungulira nayo misewu ya m'minda ya tiyi, kudutsa Satemwa ndi Naming'omba mpaka pa Boma n'kubwerera, ngongole zikundidikira kunyumba.

Mu June, chifunga cha chiperoni chitaphimba phiri la Thyolo, tinatsikira ku Muona tonse awiri. Bambo anawerenga okha matumba ndi dzanja, ndipo awiri omaliza anati atsitsidwe. Pokwera anakhala atatsinzina, chikhatho chili pa dashibodi. Ndikafuna kuponda kwambiri ankangoti, "Tsitsa giya. Isiye ipume." Tinadutsa pamalo pamene ndinagona masiku awiri paja, singano ya kutentha ili pakati, kumbuyo kulibe utsi. Sinathamange ngati masabata atatu aja. Inkakwera ngati munthu wodziwa kuti mawa adzakweranso.

Titafika pamwamba ndinaima, dzanja n'kupita pa kiyi. Anandigwira mkono.

"Dikira. Kaphiko kaja kamazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo panopa n'kotentha ngati khasu la pa ng'anjo. Ukazimitsa, oyilo amaima, wotsalira mkatimo amapserera. Chinthu chikakugwirira ntchito, usachitaye chikadali wefuwefu. Mphindi ziwiri."

Tinakhala momwemo, injini ikulira pansipansi, chifunga chikuyenda pamwamba pa tiyi. Ndikuganiza kuti aka kanali koyamba kuti ine ndi bambo anga tikhale pamodzi popanda wina wofuna kupambana mnzake.

Galimoto ija inayenda zaka 13 osatsegulidwanso. Inabweza ngongole, inagula makina ena osokera, ngakhale mayi a kunyumba amati sasoka ngati oyamba aja, ndipo inaphunzitsa ana anayi. Chimene chinaigonjetsa ndi dzimbiri la chasisi, pa nthawi imene matenda a chisaka anali atayamba kutha nthochi za ku Thyolo. Ma Land Rover a mtundu umenewo anasiya kupangidwa mu January 2016. Lero pafupifupi galimoto iliyonse ya dizilo imabwera ndi turbo kuchokera ku fakitale, ndipo anyamata amalumikiza kompyuta n'kuwonjezera mphamvu pa ola limodzi, osadetsa m'manja. Akandifunsa maganizo, ndimawafunsa funso la bambo lija: mkatimu watsegulamo?

Bambo anatisiya mu 2003. Bokosi lawo linakwera Land Rover yomweyo, ndipo ndinayendetsa ndekha, chifukwa kumanda kwathu n'kokwera ndipo mvula inali itagwa. Titafika, adzukulu anatsitsa bokosi, azimayi akuimba, ine ndinatsala pampando injini ikulira. Mlamu wanga anabwera pawindo n'kundigwira phewa, kuganiza kuti ndalephera kutsika chifukwa cha chisoni.

"Alamu, tiyeni. Anthu akudikira."

"Ndikubwera," ndinatero. "Kwatsala mphindi imodzi."